Asiyeni madala aimbe, ukalamba ndi umene ukuwabebetsa

Nthawi iliyonse woimba wachikulire akalengeza kuti akutulutsa chimbale kapena akubwerera pa siteji, mkangano wake umakhala womwewomwewo. Ena amati madalawa apume basi, nthawi yawo inatha, asiyire ana, akungodziyalutsa. Ena amati ayi, panopa ndi pamene akubeba kuposa kale. Zinali choncho mu 2023 pomwe Rolling Stones inatulutsa chimbale chatsopano Mick Jagger ali ndi zaka 80, zinalinso choncho mu February 2024 pomwe Joni Mitchell anaimba pamwambo wa ma Grammy atakhala pampando ndodo ili m'manja, nayenso ali ndi zaka 80. Ine ndili mbali yachiwiriyi ndipo sindizungulira. Woimba amene wavomera kuti wakula, amene wasiya kulimbana ndi zaka zake, amafika pamlingo woti wachinyamata olo akhale ndi luso lotani sangafikepo, chifukwa zimene akuimba ndi zimene thupi lake likuonetsa zimakhala zagwirizana, ndipo mantha oti kaya anthu andikonda kaya sandikonda amakhala atamuchoka. Kubeba kwenikweni kumachokera pamenepo. Koma mfundo za anzathu otsutsawa sizachibwana ayi, nde tiyeni tizione bwinobwino.

Tisanafike kumeneko ndifotokoze kaye chimene ndikutanthauza. Woimba wachinyamata amakwera pa siteji atasenza katundu wambiri amene ife omvera sitimuona. Akufuna atsimikizire anthu kuti amatha, akufuna kampani yojambula isamutaye, akufuna wailesi imuike, akuyang'ana mnzake amene watulutsa nyimbo sabata yomweyo kuti kodi yapita patali bwanji. Zonsezi zimamveka mu nyimbo, mumve bwino. Amadzaza paliponse, pomwe pakufunika mawu amodzi amaikapo asanu, woimba gitala amathamangitsa zala kuti tidziwe kuti ndi dolo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi dolo, sindikukana. Koma munthu amene waimba zaka 40 kapena 50 anaona kale zonse, anatchukapo, anazimirirapo, anaberedwapo ndalama, anaimbapo muholo yodzaza komanso muholo ya anthu khumi, nde palibenso choti atsimikizire aliyense. Amadziwa pomwe akuyenera kukhala chete. Amatha kudikira kamphindi asanatchule liwu lomaliza la mzere, bandi yonse ili phee kumuyembekezera, ndipo kamphindi kameneko ndi komwe kamakugwira pakhosi. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo pa nkhani ya zoimbaimba mawu amenewa ndi oona kwambiri, chilichonse chomwe dala waika mu nyimbo chimakhala ndi ntchito yake.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya mawu. Amati kuimba ndi ntchito ya thupi, ndipo thupi likakalamba mawu amatha, nde tisamanamizane. Apa akunena zoona ndithu. Minofu yapakhosi imene imatulutsa mawu imapyapyala ndi kuuma munthu akamakula, mapapo sasunganso mpweya ngati kale, mawu okwera aja amayamba kuvuta, liwu loti kale ankalikoka mpaka anthu kuimirira pano limaduka panjira. Oimba ambiri achikulire amatsitsa key ya nyimbo zawo zakale kuti azithe, ndipo oimba zida nawo nyamakazi imawagwira zala. Zonsezi palibe wotsutsa. Komabe funso langa ndi loti, kodi timamvera nyimbo kuti tiyeze kuti mawu akwera mpaka pati? Zikanakhala choncho bwenzi opambana mipikisano yoimba ya pa TV ali anthu otchuka kwambiri padziko lonse, koma ambiri a iwo timawaiwala chaka chisanathe. Chimene timafuna ndi kukhulupirira munthu amene akuimbayo. Tengani Joni Mitchell yemweyo. Nyimbo yake ya Both Sides Now anaijambula mu 1969 ali mtsikana wa zaka za m'ma 20, mawu ali see, okwera, osalala. Ndi nyimbo ya munthu amene akuti waona moyo mbali zonse koma sakuumvetsabe. Anaijambulanso mu 2000, mawu atatsika kwambiri, atasasa, akuyenda pang'onopang'ono. Mawu a mu nyimbo ndi pafupifupi omwewo, koma yoyamba ija umamva mtsikana wanzeru akuganizira za moyo, yachiwiriyi umamva mayi amene wadutsamodi. Nde mu 2024 muja, atadwala matenda oopsa a mu ubongo mu 2015 mpaka kuphunziranso kuyenda, anaimbanso nyimbo yomweyo, ndipo anthu otchuka omwe anali muholomo misozi ili mbwembwembwe. Mawu anachepa mphamvu inde, koma nyimbo inalemera.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha Johnny Cash, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Bambo ameneyu kampani ya Columbia inamusiya mu 1986 patatha zaka pafupifupi 30 ali nayo, mawailesi a nyimbo za country anasiya kumuika, anthu ankamuona ngati wakutha. Mu 1994 anatulutsa chimbale chomwe anajambula ndi Rick Rubin, munthu amene ankadziwika ndi hip hop ndi rock yaphokoso, ndipo m'chimbalemo munali gitala imodzi ndi mawu ake basi, opanda bandi, opanda zokometsera. Chaka chomwecho anakaimba ku Glastonbury, festival yaikulu ya ku England, pamaso pa achinyamata oti ena anali asanabadwe pomwe iye ankayamba kutchuka, ndipo anamulandira mwa mtima wonse. Kenako mu 2002, ali ndi zaka 70, akudwala, anaimba Hurt, nyimbo ya Trent Reznor wa bandi ya Nine Inch Nails, yomwe mwini wake anailemba ali mnyamata wovutika mumtima. Mukaonera kanema wake mudzaona dala wakhala patebulo lodzaza zakudya koma sakudya, manja akunjenjemera, akukhuthula vinyo patebulopo, mkazi wake June Carter waima pamasitepe akumuyang'ana ndi nkhope ya munthu amene akudziwa zomwe zikubwera, ndipo pakatipakati akuonetsa zithunzi za Cash ali mnyamata wamphamvu. Sanabise makwinya, sanabise kunjenjemera, mawu akugwedera ndipo anawasiya choncho. June anamwalira mu May 2003, iye anatsatira mu September chaka chomwecho. Reznor mwini wake ananena poyera kuti ataona kanemayo anamva ngati nyimboyo sinalinso yake. Tsono ndiuzeni, Cash wa zaka 30 wa mawu amphamvu uja akanaitha nyimbo imeneyi? Akanaiimba bwino, koma sakanatigwetsa nayo chonchi.

Mfundo yachiwiri imene amabweretsa ndi yoti zonsezi ndi kukumbukira zakale chabe. Amati anthu amene amatamanda madalawa akungolira unyamata wawo, akamva nyimbo amakumbuka chibwenzi choyamba, amakumbuka makolo awo, nde amasokoneza kukumbukira kokomako ndi luso la woimba. Pali kachoonadi pamenepa, sindikana, ma show ambiri a oimba akale amadzaza ndi anthu ofuna kubwerera m'mbuyo kwa maola awiri. Koma mfundoyi imagwa mukafunsa kuti kodi amene akuwakweza madalawa kwenikweni ndi ndani. A Giddes Chalamanda anaimba kwa zaka zambirimbiri ndi gitala yawo, koma nyimbo ya Linny Hoo itajambulidwanso limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa ka mamiliyoni ambiri, agogowo ali ndi zaka za m'ma 90. Amene ankavina ndi kuigawana anali ana a m'mayiko akutali oti Chichewa sachimva olo liwu limodzi, sankawadziwa a Giddes, analibe zakale zilizonse zoti akumbukire. Anangoona nkhalamba ikuimba mosangalala, mosadzikakamiza, ndipo anaikonda. Chimodzimodzi Buena Vista Social Club, chimbale chomwe oimba achikulire a ku Cuba anajambula ku Havana mu 1996. Mwa oimbawo, Compay Segundo anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 90, Ibrahim Ferrer anali atasiya kuimba akupolisha nsapato kuti apeze kangachepe, Rubén González zala zili ndi nyamakazi ndipo kunyumba kwake kunalibenso piyano. Anthu mamiliyoni amene anagula chimbalecho ku Europe, ku America ndi kwina konse sanakulire ku Cuba, nyimbozo anazimva koyamba pomwepo. Mu 2000 Ferrer anapatsidwa mphoto ya Latin Grammy ya woimba watsopano ali ndi zaka 73, tangoganizani. Cesária Évora wa ku Cape Verde naye dziko linamudziwa bwino mu 1992 ali ndi zaka 51, akuimba wosavala nsapato monga ankachitira kwawo. Munthu sungakumbukire chinthu choti sunachionepo, nde apa nkhani ya zakale ija siikugwira.

Ena amapitirira n'kunena kuti chabwino, si zakale, koma ndi chisoni. Eti timawaombera m'manja chifukwa ndi okalamba, ngati mmene timaombera mwana akalakatula ndakatulo olo alakwitse, ndi ulemu chabe. Iyi imandipweteka pang'ono chifukwa imanyoza omvera komanso oimbawo. Chisoni chimakupangitsa kuombera m'manja kamodzi, koma sichingakupangitse kuika nyimbo yomweyo pa repeat usiku uli wekha m'chipinda palibe akukuona. Leonard Cohen anabwerera pa siteji mu 2008 ali ndi zaka 73, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika, ndalama zomwe anasunga zoti adzadye atapuma zinali zitasowa m'manja mwa amene ankamuyendetsera zinthu. Munthu akanatha kungopita kukatolera ndalama n'kuimba mphindi 40 mwa mwambo chabe. Iye ankaimba maola atatu, atavala suti ndi chipewa, akugwada pansi pamaso pa woimba gitala wake, akuvula chipewa aliyense wa mu bandi akamaliza gawo lake, ndipo anazungulira dziko choncho mpaka 2013. Anthu ankabwerera kukamuonanso kachiwiri ndi kachitatu, matikiti odula. Chimbale chake chomaliza ali moyo anachijambulira kunyumba atakhala pampando wa odwala msana, mwana wake Adam akuyendetsa zojambulazo, chinatuluka mu October 2016 ndipo iye anamwalira patangotha masabata ochepa ali ndi zaka 82. Mukachimvera simumva munthu wopempha chisoni, mumamva munthu akulankhula za imfa yake modekha ndi mawu otsika kwambiri oti amanjenjemeretsa sipika. David Bowie nayenso chaka chomwecho anatulutsa chimbale pa 8 January, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 69, n'kumwalira pa 10, ndipo anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti akudwala pomwe ankachitamanda masiku awiri amenewo. Chisoni chikanachokera kuti?

Palinso mfundo ina yochenjera, yoti madalawa sabeba okha, amabebetsedwa ndi ma producer achinyamata. Amati popanda Rick Rubin palibe Cash wachiwiri uja, popanda Ry Cooder ndi Juan de Marcos González palibe Buena Vista, popanda Namadingo a Giddes sakanafika pa TikTok. Ndikuvomera kuti anthu amenewa anagwira ntchito yaikulu ndipo akuyenera kuthokozedwa. Koma taonani chimene anachita kwenikweni. Rubin sanamuveke Cash zovala za achinyamata kapena kumuikira ma beat apakompyuta, anachotsa zonse n'kumusiya ndi gitala. A ku Havana aja anaikidwa mu situdiyo yakale, onse pamodzi m'chipinda chimodzi, n'kuimba mmene ankaimbira kalekale. Ntchito ya producer wanzeru inali kutsegula chitseko kuti tione chomwe chinalipo kale koma makampani anali atachitaya poganiza kuti sichingagulitse. Komanso tinene chilungamo, ndi woimba uti wachinyamata amene amatchuka popanda producer? Bwanji funso limeneli timangolifunsa kwa okalamba okha?

Tsopano mfundo yomwe ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse, ndipo sindingaithawe. Amati iwe ukungosankha ochepa amene zinawayendera, koma pa Cash mmodzi pali oimba mazana amene anakalamba n'kukhala omvetsa manyazi, akuimba nyimbo zomwezomwezo zaka 40, ena akungoyendetsa milomo tepi ikuimba kumbuyo. Izi ndi zoona, ndipo sindikunena kuti imvi pazokha zimapatsa munthu luso. Wosatha ali ndi zaka 25 adzakhala wosathabe ali ndi 75. Koma muwaonetsetse amene amatichititsa manyaziwo, pafupifupi onse vuto lawo ndi limodzi, akukana kukula. Tsitsi analidetsa mpaka kuoneka ngati la pulasitiki, nkhope anaikoka, akuvala ngati zidzukulu zawo, akuthamangira sitayilo iliyonse yomwe yangotuluka, akukakamira key yomwe ankaimba ali ndi zaka 22 pomwe pakhosi pakukana, dala wa zidzukulu akuimbabe za kamtsikana ka kusukulu. Chomwe chikutinyansa pamenepo ndi bodzalo. Yerekezani ndi Tony Bennett, amene m'zaka za m'ma 1970 anali atazimirira, ngongole zili tho. Mwana wake Danny atayamba kumuyendetsera zinthu anamupititsa kumene kuli achinyamata, mpaka pa MTV, wailesi ya kanema ya nyimbo, mu 1994, koma suti inali yomweyo, nyimbo zomwezo zakale, kaimbidwe komweko, sanasinthe kanthu kuti asangalatse aliyense. Chimbale cha pa MTV chija chinapata Grammy ya chimbale chapamwamba pachaka mu 1995, ndipo mu 2014 ali ndi zaka 88 anafika pa nambala 1 ku America ndi chimbale chomwe anaimba ndi Lady Gaga. Oliver Mtukudzi naye dziko lonse linamutsegukira mu 1999 ali kale ndi zaka za m'ma 40 atatulutsa zimbale zambirimbiri, ndipo mmene ankakula mawu ake osasa aja ankangokomerakomera, akuimba za amasiye, za Edzi, za ulemu, akuvina pang'onopang'ono ndi miyendo yake yaitali ija mosapupuluma. Choncho zitsanzo zoipa zija sizikugwetsa mfundo yanga, zikungoonetsa malire ake, kuti ukalamba umabebetsa amene waulandira.

Apa ndiikepo kenakake kambali, chifukwa nkhaniyi imawapweteka kwambiri azimayi. Bambo akachita imvi anthu amati wakhwima, mayi akachita makwinya amati watha, ndipo makampani a nyimbo akhala akuganiza choncho kwa nthawi yaitali. Tina Turner pomwe ankatulutsa Private Dancer mu 1984 anali ndi zaka 44 zokha koma ambiri mu bizinesi imeneyi ankamuona ngati wadutsa kale msinkhu, ndipo ndi pomwe anayamba kudzaza masitediyamu payekha. Miriam Makeba anaimba mpaka usiku wake womaliza mu 2008 ku Italy ali ndi zaka 76, pa konsati yotsutsana ndi zigawenga. Nde mayi akaima pa siteji ndi zaka zake zonse osapepesa kwa aliyense, kwa ine ameneyo ndi wolimba mtima kawiri.

Zoti madala akutchinga ana sinditayapo nthawi yambiri. Khutu la munthu silidzaza, womvera nkhalamba m'mawa amamveranso mnyamata madzulo, ndipo oimba achinyamata anzeru ndi amene amathamangira okha kukajambula ndi akuluakuluwa chifukwa amadziwa zomwe akupindula. Chomwe chili chofunika kukambirana ndi nthawi yosiyira, ndipo pamenepa ndimagwirizana ndi otsutsa pa chinthu chimodzi. Pali nthawi zina pomwe munthu wadwala kwenikweni, sakudziwanso pomwe ali, koma achibale kapena oyendetsa zinthu akumukwezabe pa siteji chifukwa dzina lake likubweretsa ndalama. Zimenezo ndi nkhanza ndipo tiyenera kuzidzudzula poyera. Koma muyeso wake ukhale thanzi la munthuyo ndi kufuna kwake, osati chaka chomwe anabadwa. Ngati akufuna yekha, mutu ukugwira, ali ndi choti anene, ife ndife ndani kuti timuuze kuti khalani pansi?

Nde pempho langa likupita kwa okonza ma festival, mawailesi ndi eni masitudiyo kulikonse komwe ali. Siyani kuwaika madalawa masana dzuwa likuswa mtengo anthu asanabwere, ngati chokongoletsera pulogalamu, kenako n'kuwapatsa chikho cha ulemu m'malo mwa malipiro enieni. Apatseni nthawi yabwino, ma sound abwino, ndalama zawo zonse kuphatikizapo za nyimbo zawo zikamaseweredwa pa intaneti, ndipo koposa zonse ajambuleni akadali ndi mpweya, mufunse zomwe akufuna kuimba panopa m'malo mowakakamiza kubwereza zakale zokhazokha. Rubén González uja chimbale chomwe chinamudziwitsa kudziko lonse anachijambula ali ndi zaka pafupifupi 77, m'masiku awiri okha, chifukwa choti panatsala nthawi mu situdiyo ndipo wina anaganiza zomupatsa mpata. Anamwalira mu 2003. Oimba a msinkhu umenewo oti sanajambulidwepo bwino alipo ambiri m'dziko lililonse, ndipo amene ali ndi situdiyo akuwadziwa mayina awo.